Calabria, dera la ku Italy lomwe limalima zambiri koma ndalama sizikhalitsa

Achimwene, funso lanu lili patatu ngakhale mwalilemba ngati limodzi. Mwati munamva pa nkhani kuti boma la Italy likufuna kumanga mlatho wautali zedi wolumikiza chilumba cha Sicily ndi kumtunda, ndipo mtolankhaniyo anati mbali yakumtundayo, Calabria, ndi dera losaukitsitsa m'dziko lonselo. Nde mukufunsa kuti zingatheke bwanji dziko la Ferrari ndi AC Milan kukhala ndi malo osauka, anthu ake amalima chani, nanga mlathowo uwathandiza?

Poyamba musaganize za njala ayi. Munthu wa ku Calabria ali ndi magetsi, madzi a m'mipopi, nyumba ya njerwa, kagalimoto kakale pakhomo, agogo amalandira penshoni mwezi ndi mwezi. Umphawi wake umaoneka mukamuyika pambali pa m'bale wake wa ku Milan. Chuma chomwe deralo limapanga pachaka mukachigawa kwa munthu aliyense chimazungulira mayuro 20,000, pomwe ku Lombardia komwe kuli Milan chimaposa 40,000, dziko lomwelo, ndalama yomweyo, mitengo ya mafuta agalimoto ndi foni yofanana. Mwa anthu a msinkhu wogwira ntchito omwe ali pantchito safika theka, kwa azimayi nde ndi mmodzi mwa atatu basi.

Tengani mapu. Italy amaoneka ngati jombo, Calabria ndi kunsonga kwa phazi kuja komwe kukuoneka ngati kukufuna kumenya Sicily. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 15,000 ndi kena kake, anthu pafupifupi 1.8 miliyoni, likulu ndi Catanzaro koma mzinda waukulu ndi Reggio Calabria. Nyanja ili mbali zonse ziwiri, ya Tyrrhenian kuzambwe ndi ya Ionian kuvuma, gombe lonse ndi makilomita pafupifupi 800, ndipo pafupi ndi Catanzaro dzikolo limapyapyala mpaka makilomita 30 okha kuchoka nyanja ina kufika ina. Mukamva choncho mungaganize kuti ndi dziko la mchenga ndi asodzi. Ayi ndithu, ndi mapiri omwe anangomera m'nyanja. Kumpoto kuli Pollino yemwe nsonga yake imaposa mamita 2,200, pakati kuli Sila, thebulo lalikulu la nkhalango za paini komwe kumagwa sinowo, kenako Serre, kumapeto kwenikweni Aspromonte wa mamita pafupifupi 2,000 yemwe amatsetsereka mpaka kugwera m'madzi. Malo achidikha safika gawo limodzi mwa magawo khumi. Zigwa zoti n'kuzitchula ndi zowerengeka, cha Sibari, cha Lamezia, cha Gioia Tauro, kuphatikizapo zitunda zadongo za kufupi ndi Crotone zomwe amazitcha Marchesato. Kwina konseko thirakitala imayenda chopendekeka, kapena siyenda n'komwe.

Nkhani ya mvula ndi yomwe anthu ambiri samayimvetsa. Mvula ilipo, kumapiri imagwa yambiri kuposa malo ambiri a ku Ulaya, koma imagwa nthawi yozizira, kuyambira Okutobala mpaka cha m'Malichi. Dzuwa likayamba kuwotcha mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, nthawi yomwe mbewu ikanakula msanga, kumwamba kuli gwa, olo dontho. Nde mbewu zomwe zimapirira ndi za mizu yakuya ngati maolivi, mphesa ndi nkhuyu, apo ayi tirigu yemwe amafesedwa mvula ikamayamba n'kukololedwa mu Juni. China chilichonse chimafuna kuthirira. Komanso mapiri aja amatchinga mitambo yochokera kuzambwe, mbali ya Ionian imakhala youma kwambiri, koma ikati igwe imagwa ya mwezi wonse m'masiku awiri.

Apa mpomwe pamabwera mitsinje yomwe eni ake amati fiumare. Amene anawolokapo mtsinje wa Mwanza ku Chikwawa m'chilimwe akudziwa zomwe ndikunena, chimtsinje chotakata chopanda madzi, kusiyana kwake n'koti kumeneko m'malo mwa mchenga muli miyala yoyera mbee. Mutha kuyendamo ndi galimoto mu Ogasiti. Mu Novembala madzi amatsika kuchoka mamita 1,500 kufika kunyanja pa mtunda wa makilomita 20 kapena 30 okha, atanyamula miyala, mitengo, milatho, minda ya malalanje, chilichonse. Miyala ya m'mapirimo ndi yofumbutuka kale, nkhalango zambiri zinadulidwa zaka mazana apitawo, nde nthaka imangogumuka. Mudzi wa Africo unawonongeka ndi madzi mu 1951 anthu n'kusamutsidwira kugombe, kutali ndi mbuzi zawo ndi minda yawo. Roghudi anasiyidwa pambuyo pa madzi a 1971 ndi 1973, nyumba zilipobe pamwamba pa thanthwe, mulibe munthu. Pamwamba pa izi onjezani zivomerezi, cha 1783 chinagumula matauni ambirimbiri, cha pa 28 Disembala 1908 chinafafaniza Reggio ndi Messina wa ku Sicily n'kupha anthu zikwi makumimakumi m'mawa umodzi.

Mwina mukudabwa kuti nanga anthuwo ankakaniriranji pamwamba pa matanthwe pomwe chigwa chili pompo. Malungo, achimwene. Eee, malungo omwewa, ku Ulaya. Mafiumare aja akasefukira ankasiya madambo m'zigwa, udzudzu n'kuswana, ndipo kwa zaka mazanamazana kugona kuchigwa m'chilimwe kunali kudziyitanira maliro. Kuonjezera apo kunali achifwamba a panyanja omwe ankagwira anthu m'magombe kukawagulitsa ukapolo. Nde midzi inamangidwa m'mwamba, mlimi ankatsika m'bandakucha ndi bulu wake, maola awiri kapena atatu kupita kumunda, madzulo n'kukweranso. Taganizani mphamvu zomwe zinkathera panjira. Malungo anatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, atapopera DDT ndi kuumitsa madambo, bungwe la WHO linalengeza kuti Italy alibenso malungo mu 1970. Zitatero anthu anatsika mwaunyinji, n'chifukwa chake lero mukamayenda m'mbali mwa nyanja ya Ionian mumapeza maina awiriawiri, Badolato kumtunda ndi Badolato Marina kugombe, Caulonia ndi Caulonia Marina, wakumtunda wokongola koma muli nkhalamba zokhazokha, wakugombe nyumba za simenti zomangidwa mothamanga, zambiri zosamaliza, zitsulo zili tolotolo padenga podikira mwana yemwe ali ku Germany kuti adzamange chipinda chapamwamba.

Koma ndikuchenjezeni, musathamangire kunena kuti basi mapiri ndi omwe anawasaukitsa. Gombe lomweli zaka 2,500 zapitazo linali ndi mizinda ya Agiriki yolemera koopsa, Sybaris anatchuka dziko lonse chifukwa cha moyo wa mwanaalirenji, ku Kroton, Crotone wa leroyu, n'komwe Pythagoras uja wa masamu a ku sekondale anakhazikitsa sukulu yake. Catanzaro anali wotchuka ndi nsalu za silika. Switzerland ndi mapiri okhaokha koma onani. Malo amavuta inde, koma funso lalikulu ndi loti nthaka yabwino yochepayo inali m'manja mwa ndani.

Inali m'manja mwa mabanja owerengeka. Ku Marchesato ndi ku Sila kunali maesiteti akuluakulu otchedwa latifondo, banja limodzi lokha la a Barracco linali ndi mahekitala pafupifupi 30,000 m'zaka za m'ma 1800. Ambiri mwa eni malo otere ankakhala ku Naples kapena ku Rome, minda ankayisiya m'manja mwa akapitawo, ankalima tirigu ndi kuweta nkhosa basi chifukwa zimenezi sizifuna kuwononga ndalama pa ngalande kapena mitengo. Anthu wamba anali aganyu, m'mawa kukayima pabwalo la mudzi kudikira kuti kapitawo akuloze chala, pachaka masiku ogwira ntchito ochepa, miyezi ina yonse kungokhala ndi ngongole. Italy atagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1861 zinthu sizinasinthe kwa iwowa, kunangobwera misonkho yatsopano ndi kulembedwa usilikali mokakamiza. Nkhondo yachiwiri itatha anthu anatopa, anayamba kulowa m'minda yogonera ya mabwanawo ndi makasu ndi mbendera n'kuyamba kulima. Kumapeto kwa Okutobala 1949 pamalo otchedwa Fragalà, ku Melissa, apolisi anawombera gulu la alimi otere, anthu atatu anafa, mmodzi mwa iwo mtsikana, Angelina Mauro. Dziko lonse linagwedezeka, ndipo mu Meyi 1950 boma linakhazikitsa lamulo la Sila lolanda malo kwa omwe anali ndi mahekitala oposa 300 n'kugawira osowa.

Ine ndimaona kuti lamulolo linachita chinthu chimodzi chachikulu, linathyola msana wa mabwana aja, koma pa ulimi weniweni linabwera mochedwa komanso moperewera. Banja linkalandira mahekitala ochepa ndi kanyumba pakati pa munda, nthawi zambiri pa dongo louma lopanda madzi, kutali ndi sukulu, kutali ndi tchalitchi, kutali ndi msika. Komwe kunafika madzi othirira, ngati ku Sibari, zinayenda. Kwinako pasanathe zaka khumi kampani ya magalimoto ya FIAT ku Turin ndi mafakitale a ku Germany anayamba kufuna anthu, munthu n'kuwerengera kuti malipiro a miyezi iwiri kufakitale akuposa tirigu wa chaka chonse, anakhoma chitseko n'kukwera sitima. Tinyumba tija mpaka lero timaoneka m'mbali mwa msewu wa ku Crotone, madenga anagwa. Minda yomwe inatsala yagawidwagawidwa kwa ana ndi zidzukulu, nde mlimi wamba ali ndi timahekitala towerengeka, pena tili malo atatu osiyana, ndipo munthu wotere alibe mawu pa mtengo, amangolandira zomwe venda wanena.

Tsopano zomwe amalima. Mfumu ndi maolivi, pa mafuta a maolivi zaka zambiri Calabria amangogonjera dera la Puglia lokha mu Italy yense. Mukalowa m'chigwa cha Gioia Tauro simungakhulupirire kuti ndi munda, ndi nkhalango yeniyeni, mitengo ya zaka mazana, ina yotalika mamita 15 mpaka 20, pansi pali mdima ngakhale masana. Kukongola kwake n'komwenso kuli vuto lake. Mtengo wotalika chonchi sungathyole ndi manja, makina ogwedeza thunthu amavutika nawo, nde mwachikhalidwe amangoyala maukonde pansi, obiriwira kapena ofiirira, kuchoka mtengo uwu kufika uwo, n'kudikira kuti zipatso zigwe zokha. Zimagwa zitapsa kwambiri, zimakhala pansi masiku angapo pachinyontho, pofika kuchigayo zayamba kale kusasa. Mafuta ake amatuluka a giredi yotsika omwe amati lampante, osaloledwa kudyedwa mpaka atayengedwanso. Amakwera mathanki kupita kumafakitale a kwina, kumeneko amayengedwa, kusakanizidwa ndi ena, kuthiridwa m'botolo lokongola la dzina la kampani ya kumpoto, phindu lenileni n'kutsala komweko. Alimi omwe adulira mitengo, kuthyola msanga zipatso zikadali zobiriwira n'kugayitsa tsiku lomwelo akupanga mafuta apamwamba omwe akupambana mipikisano, makamaka a mtundu wa Carolea cha ku Lamezia, koma zimenezi zimafuna ndalama zoyambira ndi botolo la dzina lako, si aliyense angakwanitse.

Kenako zipatso za mtundu wa malalanje. Manachesi opanda njere aja otchedwa clementine, ambiri a mu Italy amachokera kuno, makamaka chigwa cha Sibari cha ku Corigliano. Ku Rosarno kuli malalanje ambiri a juwisi, ndipo apa mpomwe pali nkhani yowawa. Malalanje a juwisi amapikisana ndi juwisi wowundana wochokera ku Brazil yemwe amafika pa sitima motchipa, nde fakitale imagula kwa mlimi pa masenti osakwana khumi pa kilo zaka zambiri. Kale European Union inkapereka sabuside potengera makilo omwe wapereka kufakitale, anthu ena ochenjera n'kumalemba malalanje omwe kulibe, lole imodzi kuyezedwa kangapo, mpaka anawapatsa dzina loti malalanje a papepala. Cha mu 2008 malamulo anasintha, sabuside inayamba kutengera kukula kwa munda, ndalama yachinyengo ija inauma, ndipo alimi ambiri anaona kuti kuthyola kukudula kuposa kusiya zipatso ziwolere mumtengo. Ena anazula malalanje n'kudzala kiwi.

Omwe akuthyolabe amafinya munthu wapansi kwambiri, ndipo munthu ameneyo masiku ano ndi mnyamata wa ku Mali, Senegal, Gambia, Ghana kapena Burkina Faso, ena ochokera ku Romania ndi Bulgaria. Nyengo yake ndi Novembala mpaka Malichi, kozizira, mvula ili wawawa. M'bandakucha amayima m'mbali mwa msewu atavala majombo, ena pa njinga zopanda nyali, kudikira kaminibasi ka kapitawo, omwe kumeneko amati caporale, yemwe amadula yake ya thiransipoti pa malipiro omwewo. Malipiro omwe akhala akunenedwa kwa zaka zambiri ndi yuro imodzi pa kireti ya manachesi, theka lake pa kireti ya malalanje, kapena mayuro 25 mpaka 30 tsiku lonse, ndipo ngakhale yemwe ali ndi kontirakiti amapeza kuti bwana walemba masiku ochepa kuposa omwe wagwira. Ambiri amagona m'matenti ndi m'zisakasa za mapulasitiki ku San Ferdinando, komwe moto wapha anthu kangapo. Mu Januwale 2010 anyamata a m'deralo anawombera antchito achiafirika ndi mfuti ya mpweya, antchitowo anakwiya n'kuchita zipolowe m'tauni ya Rosarno, anthu a m'tauni anayamba kuwasaka, mapeto ake apolisi anasamutsa anthu oposa 1,000 pa mabasi. Mu Juni 2018 Soumaila Sacko wa ku Mali, yemwe ankamenyera ufulu wa anzake mu bungwe la antchito, anawomberedwa n'kufa akutola malata akale pa fakitale yosiyidwa kuti akamangire zisakasa. Lamulo lolanga ukapitawo woterewu analikhwimitsa mu 2016, anthu amamangidwa ndithu, koma mtengo wa lalanje ku supamaketi ukapanda kusintha wina amayenera kulipira basi. Chomwe chimandipweteka ine n'choti agogo a anthu a ku Rosarno omwewo ndi omwe ankayima pabwalo kudikira chala cha kapitawo.

Pali mbewu ina yodabwitsa, bergamot, chipatso chooneka ngati lalanje koma chachikasu ngati ndimu, chowawa choti simungadye. Chimakula bwino pa kamzere kakang'ono ka gombe kuzungulira Reggio kulowera mbali ya Ionian, ndipo pafupifupi mafuta onse a bergamot abwino a padziko lapansi amachokera pamenepo. Chuma chili mu khungu. Makina amapala khungulo madzi akuwazidwa, kenako amalekanitsa madzi ndi mafuta obiriwira onunkhira, makilo pafupifupi 200 a zipatso kuti mupeze kilo imodzi. Ngati munamwapo tiyi wa Earl Grey, fungo lija ndi limeneli, ndipo maperefyumu ambiri odula ali nalo. Koma perefyumuyo amapangidwa ku France, tiyi amapakidwa ku England, ku Reggio kumachoka madiramu. Zina ndingozitchula mothamanga, anyezi wofiira wotsekemera wa ku Tropea, mbatatesi ya ku Sila, vinyo wa Cirò, tsabola yemwe amamuyika mu chilichonse mpaka mu soseji yofewa yopaka pa buledi yotchedwa 'nduja ya ku Spilinga, tchizi cha caciocavallo, ngakhale mpunga ku Sibari. Ku Santa Maria del Cedro kuli chipatso cha cedro chomwe arabi achiyuda amabwera chaka ndi chaka kudzasankha chimodzichimodzi mumtengo chifukwa cha chikondwerero chawo cha Sukkot.

Nde mukuona kuti nthaka si yaulesi, anthunso si aulesi. Chomwe ndimaona ine n'choti chilichonse cha mtengo wapatali chimatuluka chisanakonzedwe, ndalama yokonzera ndi yogulitsa imadyedwa kwina. Ngakhale magetsi, Calabria amapanga ochuluka kuposa omwe amagwiritsa ntchito, otsalawo amapita kumpoto.

Boma silinangokhala chete, musamve molakwa. Mu 1950 linakhazikitsa thumba lotukula kummwera lotchedwa Cassa per il Mezzogiorno, lomwe linagwira ntchito mpaka 1984. Zaka zoyambirira linachita zooneka, madzi a m'mipopi, misewu, magetsi m'midzi, madamu othirira, ndipo nthawi imeneyo mpata pakati pa kumpoto ndi kummwera unachepadi. Zinasokonekera pomwe ndalamazo zinasanduka chida cha ndale. Chitsanzo chabwino ndi cha 1970. Boma litasankha Catanzaro kukhala likulu la dera, anthu a ku Reggio anakwiya, zipolowe miyezi yambirimbiri, anthu anafa, mpaka asilikali analowererapo. Pofuna kuwatonthoza boma la Emilio Colombo linalonjeza mafakitale, waukulu kwambiri wosungunula zitsulo ku Gioia Tauro. Anagwetsa minda yachonde ya malalanje ndi maolivi, anasamutsa mudzi wonse wa Eranova, anakumba doko lalikulu. Pomwe amamaliza msika wa zitsulo padziko lonse unali utagwa, fakitale sinamangidwe olo njerwa imodzi. Doko linakhala chomwecho mpaka cha mu 1995 pomwe linayamba kulandira makontena, lero ndi limodzi mwa madoko akuluakulu pa Mediterranean, makontena oposa 3 miliyoni pachaka. Koma pafupifupi onse amangotsika mu sitima yaikulu n'kukwera yaing'ono, satsegulidwa, salowa kumtunda. Ntchito zilipo za pa doko pompo, koma kuseri kwa mpanda malo omwe anakonzera mafakitale ambiri ali mbee.

Ku Saline Joniche nako anamanga chifakitale cha mankhwala, Liquichimica, chomwe chinatsekedwa chisanayambe n'komwe kugwira ntchito bwinobwino, chumuni chake chikuonekabe patali. Crotone yekha ndiye anali ndi mafakitale enieni kuyambira m'ma 1920 chifukwa cha magetsi a madamu a ku Sila, a zinki ndi a feteleza, anatsekedwa m'ma 1990 n'kusiya nthaka ya poizoni yomwe mpaka pano akukanganabe za kuyeretsa kwake. Msewu waukulu wa Salerno kupita ku Reggio unayamba kumangidwa mu 1962, ntchito yowukonzanso inatenga nthawi yaitali mpaka unasanduka nthabwala ya dziko lonse, analengeza kuti watha mu Disembala 2016.

Sindingayankhe funso lanu osatchula 'Ndrangheta, gulu la zigawenga la kumeneko. Linayambira m'midzi ya ku Aspromonte ngati San Luca ndi Platì, limayenda m'magazi, bambo, ana, alamu, n'chifukwa chake kupeza wowulula n'kovuta, ukawulula ukupereka m'bale wako. M'ma 1970 ndi 1980 ankaba anthu olemera kukawabisa kumapiri, ndalama za dipo n'kugula malole ndi makatapila omwe anapezera makontirakiti a doko lija ndi msewu uja. Kenako analowa mu kokeni wochokera ku South America, ndipo dziko linadzidzimuka mu 2007 pomwe anthu asanu ndi mmodzi anaphedwa ku Duisburg, ku Germany, pa mkangano wa mabanja a ku San Luca. Anthu ena amati bola, ndalamazo zimathandiza kwawo. Bodza. Ndalama zikuluzikulu amaziyika ku Milan, ku Germany, ku Canada, ku Australia, kwawo amangosiyako mantha. Mlimi ukayamba kutukuka umauzidwa woti umulembe ulonda, woti umugule feteleza, lole yoti inyamule katundu wako, ukakana umadzuka m'mawa mitengo ya maolivi ya agogo ako yadulidwa ndi makina usiku, kapena thirakitala yapsa. Ndani angabwere kudzamanga fakitale pamalo otere? Makhonsolo ambiri achotsedwa ndi boma chifukwa cholowereredwa ndi zigawengazi, ngakhale ya mzinda wa Reggio mu 2012. Boma likumenya nkhondo ndithu, mlandu waukulu womwe anautsogolera loya wa boma Nicola Gratteri ku Lamezia Terme unagamulidwa mu Novembala 2023 anthu oposa 200 atapezeka olakwa. Ndipo tisaiwale kuti ochuluka a ku Calabria si zigawenga, ndi omwe amavutika nazo.

Katundu wamkulu yemwe deralo latumiza kunja ndi anthu. Kuyambira cha m'ma 1880 anapita ku America, Argentina ndi Brazil, nkhondo itatha Canada, Australia, migodi ya ku Belgium, Switzerland, Germany, Turin ndi Milan. Mu 1951 anthu anali oposa 2 miliyoni, lero ndi ochepera pamenepo patatha zaka zoposa 70. Kusiyana kwake n'koti kale ankapita osaphunzira n'kumatumiza ndalama kumudzi, pano akupita a madigiri, ndipo makolo ndi omwe amatumiza ndalama ya lendi ku Bologna kapena ku Milan, pamodzi ndi katoni ya mafuta, soseji ndi mabotolo a tomato yomwe imakwera basi. Dera losauka likulipirira maphunziro a madokotala ndi mainjiniya a dera lolemera. Zipatala nazo zili m'mavuto, kuyambira 2010 zinatha zaka zambiri zikuyendetsedwa ndi makomishonala osankhidwa ndi boma la ku Rome chifukwa cha ngongole, odwala matenda aakulu amakwera sitima kukachiritsidwa kumpoto ndipo dera limalipira mayuro oposa 200 miliyoni pachaka ku zipatala za kumeneko. Zinafika poti mu 2022 mtsogoleri wa deralo Roberto Occhiuto anasainira mgwirizano wobweretsa madokotala mazana angapo ochokera ku Cuba.

Zoyenda bwino zilipo, ndipo mukaziyang'ana zonse zikuchita chinthu chimodzi, kukonza ndi kugulitsa okha. Banja la Amarelli ku Rossano lakhala likupanga maswiti a muzu wa liquirizia kuyambira 1731 ndipo amagulitsa m'tizitini ta dzina lawo mayiko ambiri. Callipo amayika nsomba ya tuna m'zitini cha ku Pizzo. Ku Locride, dera la kugombe la Ionian m'munsi mwa Aspromonte, kuli gulu la makopaletivi lotchedwa GOEL lomwe linayamba mu 2003 mothandizidwa ndi bishopu wa kumeneko, Giancarlo Bregantini, linasonkhanitsa alimi okana zigawenga, kudumpha mavenda, n'kumalipira masenti 40 pa kilo ya malalanje pa pangano loti wantchito aliyense alembedwe mwalamulo. Akawawotchera katundu amachita phwando poyera n'kugula wina watsopano. Kopaletivi ya Valle del Marro imalima minda yomwe boma linalanda kwa zigawenga. Yunivesite ya Calabria ku Rende, yomwe inatsegulidwa m'ma 1970, ili ndi mbiri yabwino pa za makompyuta ndipo makampani angapo atsegula maofesi cha ku Cosenza chifukwa cha iyo. Koma tinene zoona, zonsezi ndi zazing'ono poyerekeza ndi kukula kwa vutolo.

Za mlatho tsopano. Pamalo opapatiza kwambiri nyanja ya pakati pa Calabria ndi Sicily ndi makilomita atatu ndi pang'ono. Nkhaniyi si yatsopano, kampani yoti imange inakhazikitsidwa mu 1981, boma la Mario Monti linayimitsa zonse cha mu 2012, boma la Giorgia Meloni n'kuyidzutsanso mu 2023, nduna Matteo Salvini ali patsogolo. Pulani yake ndi mlatho wolenjekeka wa mamita 3,300 pakati popanda mzati, pomwe wautali kwambiri padziko pano, wa ku Çanakkale ku Turkey, ndi mamita 2,023, ndipo mtengo akuti mayuro 13.5 biliyoni, pamalo pomwe panachitika chivomerezi cha 1908 paja. Mainjiniya akuti n'zotheka, ine si injiniya, sinditsutsa. Sicily apindula ndithu, chifukwa pano sitima ya pamtunda imachita kuduladula mabogi n'kuwakweza mu chombo kuti iwoloke, nthawi yambiri imathera pompo.

Koma kwa mlimi wa manachesi wa ku Corigliano kapena wa maolivi wa ku Locride, msika wake uli kumpoto, mlatho uli kummwera. Njanji ya sitima zothamanga kwambiri imathera ku Salerno, kutali ndi Calabria. Mbali ya Ionian njanji ndi imodzi yokha ndipo malo ambiri sitima zikuyenderabe dizilo. Msewu wa 106 womwe umatsata gombe lonselo kuchoka ku Reggio mpaka ku Taranto, makilomita pafupifupi 490, mbali zambiri ndi kamsewu kopapatiza kodutsa pakati pa matauni, malole a zipatso, mathirakitala ndi ana a sukulu onse pamodzi, anthu a kumeneko amautcha msewu wa imfa. Atandipatsa ine 13.5 biliyoniyo ndingayambire pa 106, njanji ya Ionian, kulumikiza bwino doko la Gioia Tauro ndi njanji kuti makontena ena azitsegulidwa pompo, ndi kukonza mapaipi othirira omwe akutaya madzi panjira. Mlatho ungabwere pambuyo pake.